Loko pa Bokosi la Magetsi

"Wandigwiranso waya uja!" anakuwa mayi a Kachiwala, akuponya beseni pakhonde. Madzi a sopo anathovukira pa nsapato za mwamuna wake. "Taonani mmene dzanjali likunjenjemerera. Kapena mudzakhulupirira tsiku lomwe mudzandipeze nditauma pamenepo ngati thalauza?"

Mwamunayo anangosuntha mapazi n'kupitiriza kutsuka zomwera za anapiye. Anali munthu wofatsa, koma kufatsa kwake kunali kuja kotopetsa, kongodikira kuti mnzako malovu amuthere.

"Tsitsani mawu, mayi a mwana. Amayi ali m'nyumbamu."

"Amve! Waya ameneyu safunsa kuti wobwera ndani, mwini khomo ndani."

Nyumbayo inali ya mkulu wake wa mwamunayo, amene anthu a mumsewumo ankangomutcha Bwana Anapiye. Iye ankakhala kwina, kunyumba ya mpanda, koma khola lake la malata linali kuseri kwa nyumba ino. Mng'ono wakeyo ankakhalamo ulere, n'kumamuyang'anira nkhuku. Anapiye amafuna kutentha usana ndi usiku, choncho Bwana anakoka nthambo kuchokera m'bokosi la magetsi la pakhonde kukafika ku mababu a m'khola. Mitengo yoimikapo nthamboyo anaiona ngati kuwononga, ndiye anangoipiringiza pa waya woyanikira zovala, amene anachoka pakhoma la nyumba kukamangidwa pa chitsulo cha khola. Nthambo yake inali ya zidutswazidutswa, ndipo polumikiza paliponse anangokulungapo pulasitiki. Mayi a Kachiwala ankachapira anthu zovala, ndipo wayayo ndiye unali munda wake.

"Kale swichi yaikulu ija inkagwa yokha waya akangonyowa," anapitiriza mayiyo. "Alamu anatani? Anatsegula bokosi n'kudumphitsa kawaya kuti isamagwenso. Kuja ndimasita malaya kuja, bambo akumeneko ndi amagetsi. Akuti swichi imene ija sigwa chifukwa cha ulesi ayi, imagwa ikamva kuti magetsi akuthawira pena. Ndiyo inkatilondera, ndipo alamu anaitseka pakamwa."

"Mwayamba kukaulula za pakhomo pano kwa anthu?"

"Ndinafunsa. Safunsa anadya phula."

Chitseko chinalira. Apongozi a mayiyo anatuluka akukoka patapata, nkhope itakwinyika ngati adya ndimu.

"Kodi phokosoli ndi la maliro a ndani?"

"Palibe, amayi," anayankha msanga mwamunayo.

"Ndi wayayu, amayi," anatero mayi a Kachiwala. "Akugwira. Tsiku lina adzapha munthu."

"Ine ndimayanika pomwepo, bwanji sandigwira? Kapena amadziwa amene ali ndi pakamwa." Anakhala pa mpando n'kudzikonza nsalu. "Pamene munkachoka m'kachipinda kamdima kaja, si inu munkavina kuti tsopano muzisita ndi magetsi? Walira mvula walira matope. Mwana wanga wakupatsani denga, wakupatsani kuwala, inu mukufunanso mumuphunzitse kuweta nkhuku zake?"

"Sindikukana kuti anatithandiza. Ndikungopempha kuti aitane wamagetsi, nthamboyi aidutsitse pena."

"Pitani mukawauze nokha," anatero mwamuna wake osadzutsa mutu. "Ine pakamwa panga sipangatuluke zimenezo. Munthu wakusunga sumuloza chala."

Kuseri kwa chitseko kunasuzumira kamutu. Anali mwana wawo yekhayo, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu, kamene sikankadziwa kuyenda koma kudumpha, n'chifukwa chake ankakatcha Kachiwala. Mayi ake atakaona, mkwiyo unawathera, m'malo mwake munalowa mantha. Pakati penipeni wayayo anali atagwa mimba chifukwa cha kulemera kwa nthambo, ndipo mwanayo akanyang'ama ankafikira.

Popeza pakhomopo panalibe womumvera, mayiyo anapeza nzeru yakeyake. Akafuna kuyanika, ankayamba wathimitsa magetsi onse pabokosi, n'kuyanika msangamsanga, kenaka n'kuyatsanso. Poanula ankachita chimodzimodzi. Zinayenda bwino kwa masiku angapo, mpaka m'mawa wina wozizira kwambiri, mwamuna wake atapita kukatenga chakudya cha nkhuku. Atangomaliza kuyanika, kunabwera mayi wina pageti akulalata kuti diresi lake labwera ndi banga. Anakangana, anapepesana, anaperekezana mpaka kumsewu, ndipo za swichi zinamuchoka m'mutu. Pamene ankakumbukira, dzuwa linali litakwera. M'kholamo anapiye anali ataunjikana pakona kufuna kutenthetsana, ndipo apansi anali atafa.

Analira yekha m'kholamo, chifukwa tizilombo tija sitinamulakwire kanthu.

Bwana Anapiye anafika masana ndi galimoto yake yopanda denga kumbuyo. Anali munthu wa mimba patsogolo, makiyi m'chiuno ngati woyang'anira ndende. Anatulutsa anapiye akufawo m'chidebe n'kuwakhuthula pakhonde, pamapazi pa mlamu wake.

"Mlamu, ndakulakwirani chiyani?"

"Alamu, ndalakwa, ndinaiwala kuyatsa. Pepani ndithu. Koma chimene ndimathimitsira..."

"Ndani anakupatsani mphamvu yogwira bokosi langa?"

"Wayayu akugwira, alamu. Pulasitiki munakulunga uja anang'ambika ndi dzuwa, mkuwa ukuonekera. Tiyeni mukaone nokha."

"Ine nthambo ndinayamba kulumikiza inu musanadziwe kuti babu amayatsira pati. Kanyerenyesi pang'ono basi mwati imfa? Magetsi a m'nyumba sapha munthu, opha ndi a pamsewu aja."

"Nanga swichi ija munaidumphiranji?"

Bwana anatembenukira mng'ono wake. "Iwe, m'nyumba muno mwamuna ndani? Ndikufunsa iwe."

"Achimwene, mutikhululukire. Sizidzachitikanso."

"Zoona sizidzachitikanso." Anapita ku galimoto n'kubwerako ndi loko wamkulu wonyezimira. Anamukoleka pa bokosi la magetsi, khethe! "Aliyense wofuna kulamula magetsi amange yake nyumba. Anthu ofuna nyumba ino ndi ambiri, ndimangowakaniza chifukwa cha chibale."

"Alamu, bokosi limenelo satseka," anatero mayiyo. "Chitachitika china chake, tidzathimitsa bwanji?"

"Chichitike chiyani? Inu ndiye chochitika cha pakhomo pano."

Apongozi anaseka. Mng'ono wa Bwana anawerama n'kuyamba kutola anapiye akufa aja mmodzimmodzi, ndipo mkazi wake anamuyang'ana pamsana mpaka anamva manyazi m'malo mwake.

Kuyambira tsikulo mayi a Kachiwala sanayanikenso pa waya. Anagula chingwe n'kuchimanga kuchokera pa zenera kukafika pa mtengo wa kumpanda. Chinali chachifupi, zofunda zinkakhudza pansi, ndipo ena mwa anthu ake anayamba kudandaula kuti zovala zikuchedwa. Anapirira. Anamugwira mwana wake khutu n'kumuonetsa wayayo.

"Ukuona uyu? Ndi njoka. Ndikadzakuona wamukhudza, ndidzakukwapula mpaka udzaiwale dzina lako. Wamva?"

"Nanga agogo amamugwira bwanji?"

"Agogo ndi agogo. Iwe wamva?"

"Ndamva, amayi."

Agogowo ankachitadi dala. Tsiku lililonse lowala ankayanika nsalu zawo pa waya, atavala patapata wawo, pansi pali gwa, kenaka n'kuwomba m'manja kuti onse aone. "Ndafa kodi? Taonani, mzimu wanga ukuyenda!"

Madzulo ena, akupinda zovala m'chipinda, mayiyo anayesanso.

"Bambo a mwana, mitambo yayamba kusonkhana. Mvula ikagwa, bwalo lonseli likhala madzi. Kapempheni kiyi kwa alamu, tizingomusunga. Ndikulumbira sindidzamugwira popanda chifukwa."

"Kiyi anapita naye. Mukufuna ndikayambenso nkhani ina?"

"Ndiye tiyeni tichoke. Kachipinda kamdima kaja sikanaphe munthu."

"Tichoke tikadye chiyani? Ntchito yanga ndi nkhuku zomwezi. Chibale ndi fupa, mayi a mwana, sichiola. Inu mawa mukhoza kunyamuka, ine mkulu wanga ndi yemweyo."

"Nanga mwanayu si fupa lanu?"

Mwamunayo anatembenukira kukhoma n'kudzifunditsa. Mayiyo anamva kuti wamuda, ndipo anachita mantha ndi chidanicho, chifukwa anali asanamudepo chiyambire.

Mvula inabwera Loweruka masana, mayiyo ali panjira kuchokera kokapereka zovala. Inayamba ndi madontho akuluakulu, kenaka inangokhuthuka. Anathamanga, beseni lopanda kanthu atadziphimba nalo kumutu, mtima uli pa mwana. Akutsegula geti anamva mawu a apongozi ake kuchokera pakhonde.

"Thamanga, iwe! Nsalu yanga ikunyowa!"

"Amayi anandiletsa, agogo!"

"Amayi ako ali kuti? Ndati kaanule!"

"Ayi!" anakuwa mayiyo, koma mvula pamalata inameza mawu ake.

Anazungulira ngodya ya nyumba n'kuona zonse. Kachiwala anali pakati pa bwalo, wopanda nsapato, madzi akumulekeza mu akakolo. Ananyang'ama, anakoka nsalu, dzanja linafika pa waya. Sanalire. Thupi linangouma, mutu unapendekera kumbuyo, zala zitafumbata waya ngati wina wazimangirira.

"Mayo, mwana!" Agogo aja anatsika pakhonde manja ali patsogolo.

"Musamugwire!" Mayiyo anawakankha ndi phewa, iwo n'kugwera pa masitepe. Anadziwa kuti womugwira ndi manja nayenso akakamira pomwepo. Analumphira pa bokosi, anagwira loko, anakoka, anamenya ndi chibakera. Loko anangogwedera. Maso ake anagwa pa tsache la mpini wamtengo lomwe linatsamira kukhoma, pouma. Analitenga, anaima pa sitepe yomaliza, anatambasuka mmene akanathera, n'kumenya dzanja la mwana wake ndi mphamvu zimene anali asanamenyepo nazo munthu. Anamenya kachiwiri. Zala zinatakasuka, mwana anagwa chagada m'matope.

Anamukoka ndi diresi mpaka pakhonde. Milomo inali itachita bii. Anamugwedeza, anamuitana, anaika khutu pachifuwa. Kenaka mwanayo anakoka mpweya mokhala ngati akutsamwa, n'kuyamba kulira kakulira kakang'ono, kosamveka bwino.

Nthawi yomweyo bambo a mwanayo anatulukira kuchokera kuseri kwa khola, kumene ankaphimba matumba a manyowa. Anaona mwana, anaona waya akuthetheka pamene panali pulasitiki. Anapisa dzanja m'thumba la thalauza, anatulutsa kiyi, anatsegula loko uja n'kugwetsa swichi.

Mayiyo ali chigwadire, mwana ali pamiyendo, anayang'ana kiyiyo. Anayang'ananso mwamuna wake. Mwamunayo akanakonda atatukwanidwa kusiyana ndi kuyang'anidwa choncho.

Galimoto imene inawatengera kuchipatala inali ya Bwana Anapiye, chifukwa mng'ono wake sankadziwa nambala ina yoimba pamavuto. Mayiyo anakhala kutsogolo atafukata mwana. Mwamuna wake ndi apongozi anapanikizana pambali pake.

"Chakudza sichiimba ng'oma," anayamba Bwana, maso ali pamsewu. "Ngozi ndi ngozi. Koma tamverani. Akakafunsa, mukanene kuti ndi mphezi. Mvula yagwa, aliyense waiona. Mukakatchula nthambo, nkhani ikafika kwa eni magetsi ndi kupolisi. Adzadula magetsi, khola lidzatha, tonse tidzagona ndi njala. Zamveka?"

"Zamveka, achimwene."

"Ndi mphezi ndithu," anatero agogo aja akusisima. "Ine ndinaona kung'anima."

"Mlamu, mwamva?"

Mayiyo ankangopukuta matope pankhope ya mwana ndi m'mphepete mwa bulauzi.

Kuchipatala anamwino anamulandira mwanayo mothamanga. Dokotala wake anali mayi wa imvi, wa magalasi. Anamvetsera mtima kwa nthawi yaitali, kenaka anatambasula kadzanja kaja. Mkati mwa zala munadutsa mzere woyera, wopsa mpaka mkati, wowongoka ngati wolemba ndi rula.

"Chachitika n'chiyani?"

Bwana Anapiye anakhosomola. Mng'ono wake ndiye anayankha.

"Ndi mphezi, adokotala."

"Mphezi?" Dokotalayo anayang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndiyenera kudziwa zoona kuti ndidziwe chomuyang'anira mwanayu. Mayi ake ndi ati?"

"Ndine."

"Munalipo?"

Mayiyo anamva chigongono cha apongozi chikumugunda m'nthiti. Anaganiza za katundu wawo ali panja, za kachipinda kamdima kaja kamene mwina kanalowa kale anthu ena, za kuchapa popanda poyanika. Zonsezo zinali zoona, ndipo zinamuopsa.

"Ndinalipo," anatero. "Si mphezi. Ndi waya woyanikira zovala. Alamu angawa anapiringizapo nthambo ya magetsi yopita kukhola la nkhuku, yolumikiza ndi pulasitiki. Swichi yoteteza anaidumpha, bokosi analitseka ndi loko. Ndanena pakhomo mpaka mawu kutha. Kutupa kuli pamkonoku ndachititsa ndine, ndinamumenya ndi tsache kuti asiye waya."

Dokotalayo anagwedeza mutu n'kuuza anamwino zoti achite. Kenaka anatembenukira banjalo.

"Tsache limenelo ndi limene lamupulumutsa. Mtima wake tiuyang'anira masiku angapo. Zala ziwirizi sindikulonjeza. Ndipo nkhaniyi ndiyenera kuipereka koyenera, nthamboyo isanagwire wina."

Mwanayo atamugoneka m'chipinda cha ana, dzanja litakulungidwa mpaka m'chigongono, anatsegula maso n'kuona mayi ake.

"Amayi, musandikwapule. Ndinakana, koma agogo..."

"Gona, mwana wanga. Palibe akukwapule."

Agogo aja anatuluka panja atagwira pakamwa. Bwana Anapiye anaima kumiyendo kwa bedi, makiyi akulira m'chiuno.

"Mlamu, mwachita bwino. Mwalankhula ngati wailesi. Ndiye poti pakamwa muli napo, pakupezereninso pogona. Mukatuluka muno, katundu wanu mukamupeza pageti."

"Zikomo, alamu. Beseni langa musaliiwale, lili pabwalo."

Bwana anatsonya n'kutembenukira mng'ono wake. "Iwe, tiye. Magetsi unathimitsa aja sunayatse. Anapiye akhala pozizira chichokereni."

Mwamunayo anali atakhala pa mpando wachitsulo pambali pa bedi, manja ali pakati pa mawondo. Anayang'ana mkulu wake, anayang'ana mkazi wake.

"Mayi a mwana, za kiyi uja... Achimwene anati ndisakuuzeni. Ndinkaopa kuti mwina mungathimitsenso."

"Ndinakupemphani m'chipinda, tili awiri. Kiyi ali m'thalauza lomwe ndinakuchapirani ine."

"Ndinalakwa."

"Sindikufunsa zimenezo. Mukapita kukayatsa, waya uja akhalanso wamoyo, ndipo ana a anthu amadutsa pabwalo paja. Mwana wanu ndi uyu wagona apayu. Khalani pomwepo."

"Iwe!" anaitana Bwana ali pakhomo. "Ndikusiya."

Mwamunayo anaimirira pang'onopang'ono. Anagwira chitsulo cha bedi, anasisita phazi la mwana wake pamwamba pa chofunda.

"Ndingokaona anapiyewo," anatero motsitsa mawu. "Ndibweranso."

Mkazi wake anamvetsera nsapato zake zikutsatira kulira kwa makiyi mpaka kumapeto kwa khonde la chipatala. Misozi imene inakana kutuluka pabwalo paja inabwera tsopano, ndipo anaisiya kuti itsike.

Pa bedi loyandikana nalo panali mayi wina amene anali chiimire kuyambira masana, mwana wodwala ali paphewa. Anasendera pafupi n'kuloza mpando wachitsulo uja.

"Pepani amayi, pampandopa pali munthu?"

Mayi a Kachiwala anapukuta m'maso, anaunyamula mpandowo ndi manja awiri n'kukawaikira pafupi ndi bedi lawo.

"Khalani, amayi. Palibe akubwera."